Mmene mungakonzekerere kutuluka msanga ndege ikachita ngozi potera

Madzulo a pa 11 Novembala 1965, ndege ya mtundu wa Boeing 727 ya kampani ya United Air Lines, itanyamula anthu 91, inamenya pansi kutatsala mamita pafupifupi 100 kuti ifike pamsewu woterapo ndege ku Salt Lake City, m'dziko la America. Inkatsika mothamanga kwambiri, mamita oposa 600 pa mphindi imodzi, ndipo kaputeni anachedwa kuwonjezera mphamvu, chonsecho injini za jeti za nthawi imeneyo zinkatenga masekondi angapo zisanayambe kukoka. Miyendo ya mateyala inathyoka, mapaipi a mafuta anang'ambika, moto n'kubuka. Ofufuza a bungwe la Civil Aeronautics Board anapeza kuti kumenya pansiko sikunaphe munthu. Anthu 43 amene anamwalira anafa ndi moto ndi utsi, ndipo zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa ndege itaima anali amoyo koma nthawi yotulukira inawachepera.

Kukonzekera kumayamba mukangokhala pampando. Yang'anani khomo lotulukira pangozi lomwe lili pafupi nanu, kenako muwerenge mizere ya mipando kuchokera pamene mwakhalapo kukafika pakhomopo, ndipo muchitenso chimodzimodzi ndi khomo lachiwiri, makamaka lakumbuyo kwanu. Kuwerengaku si mwambo chabe. Utsi wa mipando ndi mapulasitiki ukadzaza m'ndege, mumada bii ngati usiku wopanda mwezi, maso amalira misozi, moti chimene chimakufikitsani pakhomo ndi dzanja logwira mitu ya mipando umodziumodzi uku mukuwerenga chamumtima. Anthu ambiri akadzidzimuka amathamangira khomo limene analowera, ngakhale lina lili mizere iwiri yokha kumbuyo kwawo, ndipo akaunjikana pamenepo amatsekereza ngakhale wogwira ntchito amene akanalitsegula.

Lamba wa m'ndege muzolowereni ndege isananyamuke. Amamasulidwa pokweza kachitsulo ka pamwamba, pamene wa m'galimoto timachita kudina batani la m'mbali, ndipo munthu wogwidwa ndi mantha dzanja lake limapita kumene linazolowera. Mangani, masulani, mangani kachiwiri. Lambayo akhale wothina ndipo adutse m'munsi, pamafupa a m'chiuno osati pamimba.

Ndege ikayamba kutsika, valani nsapato, imikani mpando, pindani katebulo, chotsani zomvera m'makutu, ndipo chikwama muchikankhire pansi pa mpando wakutsogolo kuti pamapazi pakhale poyera. Ogwira ntchito akafuula kuti muwerame, tsamirani mutu pampando wakutsogolo, mapazi mutawaponda pansi mwamphamvu, ndipo musadzuke kufikira ndege itaimiratu, popeza kumenya koyamba kumatha kutsatiridwa ndi kwina.

Ikaima, katundu yense asiyidwe. Pamenepa ndikunenetsa, chifukwa munthu mmodzi akaima kuti atsegule kabati ya pamwamba amaimitsa mzere wonse wa kumbuyo kwake, ndipo chikwama chimatha kuboola chotsetserekera chopopa mpweya chimene anthu amatsikirapo kuchokera pakhomo la ndege. Kuyambira mu 1967, malamulo a ku America amafuna kuti opanga ndege zikuluzikulu asonyeze kuti anthu onse angathe kutuluka m'masekondi 90 pogwiritsa ntchito theka lokha la makomo. Masekondi amenewo ndi a anthu onse okwera, si a inu nokha. Yendani chowerama kuti mutu ukhale pansi pa utsi, koma musakwawe, kuopera kupondedwa ndi anzanu, ndipo mukhoza kuphimba mphuno ndi pakamwa ndi nsalu. Ngati muli ndi mwana, gwirizanani pasadakhale kuti adzamunyamula ndani.

Amene mwakhala pafupi ndi khomo la pamwamba pa phiko muli ndi udindo wapadera. Werengani kakhadi ka m'thumba la mpando kuti mudziwe katsegulidwe kake, ndipo musanaligwire suzumirani pawindo. Mukaona moto kunjako, lisiyeni lotseka ndipo muwalozere anthu khomo lina, pakuti kulitsegula n'kulowetsa malawi ndi utsi m'kati. Mukafika pansi musaime m'munsi mwa chotsetserekera. Thamangirani kumene mphepo ikuchokera, kutali ndi mapiko omwe amasunga mafuta, ndipo mudikire pamodzi ndi anzanu kuti opulumutsa anthu athe kukuwerengani.