Chuku m'nyumba: zoyenera kuchita banja likasamukira kudziko lotentha ndi lachinyezi

Mabanja ambiri amene asamukira kudziko lotentha, makamaka kumadera a m'mbali mwa nyanja yamchere kapena kogwa mvula pafupipafupi, amadzidzimuka mwezi woyamba usanathe. Nsapato zachikopa zachita mbuu, lamba wamera zobiriwira, ndipo zovala zochapidwa bwinobwino zikutuluka m'wadiropu zili ndi kafungo. Chimenechi ndi chuku. Musachite manyazi ngati kuti ndi uve. Njere zake zosaoneka ndi maso zili mumpweya paliponse, zimangodikira chinyontho kuti zimere. Mukapukuta khoma koma nyumba osaiumitsa, pakangopita masabata awiri chuku chabwerera pomwepo.

Mpweya wotentha umasenza madzi ambiri. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imatha kusunga madzi okwana pafupifupi magalamu 30, pomwe pa madigiri 20 imangosunga magalamu 17. Mpweya wotere ukakhudza chinthu chozizira umatula madziwo ngati mame: pagalasi, pamatailosi, pakhoma loyandikana ndi chipinda chozizira. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, mukaike kuchipinda chogona ndipo masiku ena m'wadiropu. Cholinga n'chakuti chinyezi chisapitirire 60 peresenti. Chikakhala pamwamba pa 70 kwa masiku angapo, dziwani kuti mwina chuku chayamba kale ntchito ngakhale simunachione.

Makina oziziritsa mpweya amathandiza kwambiri, koma ambiri sawagwiritsa ntchito bwino. Kuwatchera pa madigiri 18 kumaziziritsa makoma ndi mipando mopitirira muyeso, ndiye mukangowazimitsa n'kutsegula zenera, mpweya wakunja umalowa n'kunyowetsa zonse. Atchereni pakati pa 24 ndi 26, zitseko ndi mazenera zili zotseka. Pa rimoti pamakhala batani lolembedwa Dry kapena lokhala ndi chizindikiro cha dontho. Ligwiritseni ntchito pa masiku amvula pamene kunja sikukutentha kwambiri koma m'nyumba muli chinyezi. Makina aakulu kuposa chipinda nawonso ndi vuto, chifukwa amaziziritsa msanga n'kuzima asanachotse madzi mumpweya.

Masefa a makinawa muziwachotsa n'kuwatsuka ndi madzi pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo aume kaye musanawabwezere. Mukaona madzi akudontha kuchokera pamakina a m'chipinda, kawirikawiri ndiye kuti paipi yotulutsa madzi yatsekeka ndi ndere kapena fumbi, ndipo ikufunika kuitsegula. Onaninso kumene paipiyo imathera. Madzi akamadikha m'chidebe kapena m'thireyi, udzudzu wa Aedes, wofalitsa matenda a dengue, umaswana momwemo, ndipo kuchokera padzira kufika pa udzudzu wouluka pamangotenga masiku 7 mpaka 10. Khuthulani ndi kukwecha chidebecho sabata iliyonse.

Fani sichotsa madzi mumpweya, koma imauyendetsa, ndipo chuku chimakonda malo amene mpweya wangoima. Mazenera muzitsegula masana dzuwa likuswa mtengo, osati mbandakucha kapena mvula ikugwa, pakuti nthawi zimenezo chinyezi chimakhala chochuluka. Kabati, bedi ndi sofa zitalikirane ndi khoma masentimita 5 mpaka 10. Matiresi asagone pansi penipeni. Pakhale bedi la matabwa otalikirana, ndipo kamodzi pamwezi muiimiritse kuti ipitidwe mphepo. Makatoni amene munasamukira atayeni msanga. Amamwa madzi ngati thonje, komanso mphemvu zimabisalamo.

Pa zovala m'pamene ambiri amalakwitsa. Chovala chimene chikumveka kuzizira pochikhudza, makamaka m'misoko ndi m'chiuno mwa thalauza, sichinaume. Chimodzi chokha chotere chimawononga wadiropu yonse. Musapanikize zovala, ndipo siyani chitseko cha wadiropu chotsegula maola angapo patsiku. Kuyanika m'nyumba kumathira malita a madzi mumpweya, choncho ngati palibe kuchitira mwina, yanikani m'chipinda chimodzi chotseka muli makina ochotsa chinyezi.

Mapasipoti, masatifiketi, zithunzi ndi kamera ziikeni m'bokosi lapulasitiki lokhala ndi labala pachivundikiro, muikemo timapaketi tomwa chinyontho totchedwa silica gel. Timapaketi timeneti timagwira ntchito m'chinthu chotseka ndithu. M'wadiropu yotsegulidwa tsiku ndi tsiku timakhuta madzi msangamsanga n'kukhala topanda ntchito.

Chuku chikamera pamalo olimba monga matailosi, galasi kapena pulasitiki, yambani ndi sopo ndi madzi, mukweche ndi bulashi. Pofuna bulichi, musapitirire mamililita 250 m'malita 4 a madzi. Valani magolovesi ndi masiki, tsegulani mazenera, ana akhale kutali. Chonde musasakanize bulichi ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi amoniya: pamatuluka mpweya wapoizoni wowononga mapapo. Zinthu zomwa madzi monga kapeti, pilo ndi siling'i yofewa zikanyowa ziume pasanathe maola 24 mpaka 48. Chuku chikalowa mkati mwake, n'zofunika kuzitaya. Kupaka penti pamwamba pa chuku n'kubisa chabe, pentiyo imasupuka. Banga likaposa sikweya mita imodzi, kapena likamabwerera pamalo omwewo, mwina pali paipi kapena denga lodontha. Jambulani, lembani tsiku, mudziwitse mwininyumba mwa kalata kuti asadzakudulireni ndalama ya chikole potuluka. Mwana wa mphumu akamatsokomola kwambiri usiku, yang'anani kuseri kwa bedi lake, ndipo auzeni adokotala za chinyezicho.

Kukhitchini, ufa, mpunga ndi nyemba muzigula zokwana mwezi umodzi, muzisunge m'zigubu zotseka bwino. Kuziika mufiriza kwa sabata imodzi kumapha anankafumbwe ndi mazira awo, koma zitulutseni zili zotseka mpaka zitasiya kuzizira, apo ayi zichita mame. Mtedza kapena chimanga chachuku tayani, chifukwa poizoni wake wa aflatoxin satha ndi kuphika ndipo amawononga chiwindi.

Ngozi yaikulu imadza banja likatseka nyumba kupita kutchuthi kwawo mwezi wathunthu. Musananyamuke chapani ndi kuumitsa zonse, siyani zitseko za mawadiropu ndi za zipinda zotsegula, imiritsani matiresi, nsapato zachikopa muzichotse pansi. Tcherani makina ochotsa chinyezi pa 55 peresenti, paipi yake ilunjike m'sinki kapena kubafa, chifukwa thanki ikadzaza makinawo amazima okha. Firiji ngati mwaizimitsa, ipukuteni n'kuisiya yotsegula. Pezaninso munthu wodalirika woti azilowa kamodzi pa sabata kudzaona ngati magetsi sanazime ndiponso ngati palibe podontha.