Momwe mungayezere mkati mwa kagalimoto kapamwamba musanagule

Anthu ambiri akaona Audi A1, Mini, BMW 1 Series kapena Mercedes A-Class amatha nthawi yonse akuzungulira kunja, kuyang'ana penti ndi malimu, pomwe akagula adzakhala mkatimo tsiku ndi tsiku. Baji ya kutsogolo ija sikuuzani ngati msana udzapweteka. Ine ndimachita chonchi.

Choyamba lowani, tsekani chitseko injini musanalize, ndipo mvetserani. Chitseko chabwino chimamveka cholemera, phokoso la panja limachepa nthawi yomweyo. Kenako yambani kugwiragwira. Pamwamba pa dashibodi pafupifupi opanga magalimoto onse amaika zofewa chifukwa ndi pomwe maso amafikira, ndiye inu tsitsani dzanja, gogodani pulasitiki ya m'munsi mwa chitseko, pomwe bondo limagunda, ndi chivundikiro cha glove box. Apa ndi pomwe amapulumutsira ndalama. Audi A1 ya 2018 kupita kuno inamangidwa pa maziko amodzi ndi Volkswagen Polo, ndipo mukagogoda zitseko zake mumva pulasitiki youma ndithu ngakhale sikirini ndi yokongola. Funsaninso za mipando, chifukwa chooneka ngati chikopa sichikhala chikopa nthawi zonse, Mercedes ali ndi ARTICO, BMW ali ndi Sensatec, zonsezo ndi zopanga. Sizoipa ayi, zimapukutika mosavuta, koma mudziwe chomwe mukulipirira.

Chachiwiri ndi mpando, ndipo apa musapupulume. Ukonzeni monga mumakhalira, kokani siteringi ibwere pafupi, onani ngati ntchafu zikugona pa mpando kapena zikulendewera, komanso ngati pali kabatani kokankhira m'chiuno. Mpando woipa suonekera pa mphindi ziwiri, umayamba kuluma pakapita mphindi 20 kapena 30, ndiye khalanimo ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. Mukatero tulukani, mpandowo musausunthe, kakhaleni kumbuyo kwake. Mawondo akugunda? Mutu ukukhudza denga? BMW 1 Series yakale inkakoka ndi matayala akumbuyo, n'chifukwa chake pansi pakati pali chitunda chachikulu ndipo wokhala pakati amasowa poika mapazi, mu 2019 anaisintha kuti izikoka ndi akutsogolo malo anawonjezereka, buti inachoka pa malita 360 kufika 380. Buti ya A1 ya 2018 ija ili ndi malita 335. Manambalawa asakukwanireni, bwerani ndi chikwama chanu chenicheni muikemo, ngati muli ndi mwana bweretsaninso kampando kake muone ngati kakulowa bwino pa ma ISOFIX, tizitsulo tokolekapo kampando ka mwana.

Chachitatu, zamasikirini. Apa ndi pomwe anthu amakopekera msanga. Tengani foni yanu ndi kebo yanu, lumikizani nokha, musalole kuti wogulitsa akuonetseni ndi foni yake yomwe anailumikiza kale. Onani ngati pali Apple CarPlay kapena Android Auto, zomwe zimaonetsa za pa foni yanu pa sikirini ya galimoto, komanso ngati zikufuna kebo kapena ayi. BMW anachedwa kuika Android Auto mpaka 2020, ndiye ngati foni yanu ndi ya Android ndipo galimoto ndi yakale kuposa pamenepo, funsani kaye. A-Class ya 2018 inabwera ndi MBUX, pulogalamu ya pa sikirini yomwe mumaiyitana ndi mawu kuti "Hey Mercedes", komanso mapoti ake ndi a USB-C, kebo yakale ija silowa popanda adaputa. Yesani mawuwo ndi katchulidwe kanu, muone ngati ikukumvani.

Mayeso omwe ndimawakhulupirira kwambiri ndi awa: galimoto ikuyenda, tsitsani kuzizira kwa eyakoni, sinthani wailesi, maso ali pamsewu. Ngati zikufuna kuti mulowe mu menyu kawiri katatu, zidzakutopetsani. Ine ndimakonda mabatani enieni ndi kogudubuza ka iDrive koyendetsera sikirini ya BMW, chala chimapeza chokha osayang'ana.

Chachinayi, yendetsani wailesi itazima. Sakani msewu wokumbika pang'ono, osati wosalala okhaokha, mumve ngati dashibodi kapena zitseko zikuchita kwetekwete, kenako thamangani pang'ono mumve mkokomo wa matayala ndi mphepo pa magalasi a m'mbali. Yang'anani nambala ya pa tayala. Malimu a mainchi 18 kapena 19 amaoneka bwino koma tayala lake limakhala lopyapyala, bampu iliyonse imafika ku msana, pomwe 16 kapena 17 pa galimoto yomweyo amayenda mofewa. Ma BMW ndi ma Mini ambiri amabwera ndi matayala a run-flat, omwe amayendabe akaphulika, koma m'mbali mwake ndi olimba ndipo mumawamva. Ma A-Class ena otsikirapo ali ndi torsion beam kumbuyo (chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri) m'malo mwa multi-link (pomwe tayala lililonse limadumpha palokha), ndiye muuze wina ayendetse inu mukhale kumbuyo podutsa pa hampu.

Ngati mungathe bwereraninso madzulo. Magetsi a mitundu 64 a mu A-Class amasangalatsa zedi, koma inu onani ngati sikirini ikuchepetsa kuwala yokha usiku, ngati ikunyezimira pa galasi lakutsogolo, ndiponso ngati kamera ya rivesi ikuonetsa bwino mumdima.