Momwe mungagwiritsire ntchito foni popewa HIV ngati mumagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo

Munthu amene amasuta chamba, kumwa mapiritsi ozunguza bongo kapena kudzibaya jakisoni nthawi zambiri amazengereza kupita kuchipatala poopa kuti nkhani yake ifika kupolisi kapena kwa abale. Foni ya m'manja, ngakhale yamabatani, ingachepetse manthawo.

Choyamba, sungani nambala ya Chipatala cha pa Foni, 929, yomwe ndi yaulere. Amene amayankha ndi azaumoyo, ndipo mungathe kuwafunsa muli kudooko ku Makanjira kapena ku Msaka popanda wokuonani nkhope. Afunseni za makondomu, za kachipangizo kodziyezera nokha HIV, komanso za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda kachilombo amamwa tsiku lililonse kuti adziteteze.

Chachiwiri ndicho chofunika koposa. Ngati mwabwerekana jakisoni ndi mnzanu, kapena mwagona ndi munthu popanda kondomu mutaledzera, lembani tsiku ndi ola mufoni nthawi yomweyo, chifukwa pofika m'mawa zambiri zimakhala zitaiwalika. Mankhwala a PEP, omwe amateteza munthu ku HIV akapezeka pachiopsezo chotere, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 kuchokera pa nthawiyo, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Kuyamba msanga ndiye kwabwino. Foni sipereka mankhwala, choncho mukatha kuimba nyamukani, mupite kuchipatala cha boma pa Mangochi, ku Monkey Bay kapena chilichonse chapafupi. Msodzi amene wati ayambe wakagwira usipa kwa masiku atatu amabwerera nthawi itamuthera.

Mukalandira PrEP kapena PEP, tcherani alamu yokukumbutsani tsiku ndi tsiku. Sankhani ola lomwe mutu umakhala uli bwino, osati madzulo pomwe anzanu ayamba kuitanizana. Lembaninso pa kalendala ya mufoni tsiku lomwe achipatala akuuzani kuti mukayezetsenso magazi, popeza kachilombo sikaoneka msanga munthu akangokatenga.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sachiganizira. Kuno foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, ndipo ina imaswera pamalo otchajitsa. Ikani nambala yachinsinsi yotsekera foni, fufutani mauthenga mukawerenga, ndipo alamu ija muipatse dzina losakayikitsa, monga "tiyi". Mukataya foni kapena kuigulitsa, kauzeni achipatala nambala yatsopano kuti uthenga wanu usapite kwa munthu wina.