Mmene mungakonzere chionetsero cha zaluso chokhudza zomera, kusamuka kwa anthu ndi ufulu wa thupi

Sankhani chomera chimodzi chokha chimene mbiri ya ulendo wake inalembedwa, chifukwa maluwa ongounjika m'chipinda sauza munthu kanthu. Maria Thereza Alves, katswiri wa zaluso wa ku Brazil, anayamba mu 1999 ku doko la Marseille ku France kufufuza malo amene zombo zakale zinkatayirapo dothi ndi miyala yozilemeretsa. M'dothi limenelo munali njere zochokera kumadoko akutali, kuphatikizapo a malonda a akapolo, ndipo mu 2012 anadzala zomera za mtunduwu pa bwato lakale loyandama ku Bristol ku England.

Mukasankha chomeracho, fufuzani amene ankadziwa ntchito yake ndi amene anawatseka pakamwa. Apa mpamene muyenera kuthera nthawi yambiri. Maria Sibylla Merian, katswiri wojambula zomera ndi tizilombo yemwe anapita ku Suriname ku South America mu 1699, anajambula duwa lotchedwa flos pavonis m'buku lake la mu 1705, nalemba kuti amayi ogwidwa ukapolo ankagwiritsa ntchito njere zake pochotsa pakati kuti ana awo asadzabadwire muukapolo. Duwalo linafika m'minda ya ku Ulaya ngati chokongoletsa, koma nzeru za amayiwo zinatsala m'mbuyo. Chionetsero chanu chisonyeze mpata umenewu. Musalembe muyeso kapena kakonzedwe ka mankhwala alionse, popeza chipinda cha zaluso si chipatala.

Umitsani masamba a chomera chanu oti muonetse powapanikiza pakati pa nyuzipepala, ndipo musinthe mapepalawo akayamba kunyowa kuti nkhungu isagwire. Pa kapepala kofotokozera, dzina limene eni dera amatchulira chomeracho likhale pamwamba, la Chilatini pansi.

Chomera chamoyo chikamadutsa malire chimafuna chikalata chotsimikizira kuti chilibe matenda. Musachitaye chikalatacho: chiikeni m'galasi pafupi ndi kalata yokanira munthu viza, mwini wake atavomereza ndiponso dzina lake litafufutidwa. Zidindo ziwirizo zikayandikana, simufunikanso ndime yaitali yofotokoza.

Konzeranitu za tsiku lotseka. Precious Okoyomon, katswiri wina wa zaluso, anadzaza chipinda ku Venice ku Italy mu 2022 ndi kudzu, chomera choyanga chochokera ku Asia chimene boma la America linalimbikitsa alimi kudzala m'zaka za m'ma 1930 pofuna kuteteza nthaka, kenako n'kuchitcha udzu woononga. Chomera chotere musachitaye padzala la zinyalala kapena kugawira alendo. Funsani akuluakulu oona za ulimi m'deralo njira yovomerezeka yochiwonongera pamodzi ndi dothi lake.