Musanagule galamafoni yatsopano, yambani mwaona singano

Bambo anga anandisiyira katoni yodzaza ndi mbale za galamafoni, zambiri anabwera nazo pochokera ku Joni. Pofuna kuti mbalezi ndisaziononge, ndadutsa m'makina atatu, ndipo zimene ndaphunzira ndi izi.

Mukamafananitsa makina, maso anu ayambire pa mkono wonyamula singano. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo kolemera kamene mungazunguze kuti singano ipepuke kapena ilemere? Audio-Technica AT-LP60X ilibe kachitsuloko. Kwa woyamba kumene ndi yabwino ndithu: mungodina batani, mkono umayenda wokha, ndipo preamp, kachipangizo kokulitsa mawu ofooka ochokera ku singano asanapite ku masipika, ili kale mkati. Koma cartridge yake, kamutu kogwira singano kumapeto kwa mkono, siichotsedwa, ndiye simungaikweze poikapo ina yabwino kuposa; mungasinthe singano yokha. Mkulu wake, AT-LP120X, amabwera ndi cartridge ya VM95E, ndipo singano zonse za mtundu wa VM95 zimalowa pamutu womwewo. Apa ndi pamene pali phindu.

Nkhani ya lamba ndi direct drive (mota yozunguza mwachindunji, popanda lamba) isakuchedwetseni. Rega Planar 1, yopangidwa ku England, imayenda ndi lamba, ndipo kuti musinthe liwiro kuchoka pa 33 kupita pa 45 (maulendo amene mbale imazungulira pa mphindi) mumanyamula chozungulira chimene mumaikapo mbale n'kusuntha lambayo ndi dzanja. Technics SL-1200MK2 ya mu 1979 mota yake imazunguza mwachindunji, n'chifukwa chake ma DJ anaikonda. Pomvera pabalaza zonse ziwiri zimagwira ntchito bwino. Mukapeza Technics yakale, gwedezani mkono pang'onopang'ono ndi chala. Ukamagwedera m'malumikizidwe ake, isiyeni.

Chenjezo limodzi kwa otumizitsa katundu kunja. Magetsi a ku America ndi 120V pa 60Hz, athu ndi 230V pa 50Hz (Hz ndi kuchuluka kwa maulendo amene magetsi amasinthasintha pa sekondi). Mnzanga wina analandira makina a lamba kuchokera kwa mchemwali wake, nagula thiransifoma, koma nyimbo zonse zinkatuluka mokoka ngati woimbayo watopa, chifukwa mota yake imatsata ma Hz a magetsi. Gulani opangidwira UK kapena South Africa.

Tsono kodi kukweza n'koyenera? Musanatulutse ndalama, tsukani mbale ndi madzi oyengedwa a distilled ndi kansalu kofewa, ndipo galamafoni ikhale pamalo osapendekera, osati pa shelefu imodzi ndi masipika. Kenako yezani kulemera kwa singano ndi kasikelo kakang'ono. VM95E imafuna magalamu 2. Yanga nditaiyeza ndinapeza ikupondereza kupitirira 3, ndipo nditakonza, kunyenyeka kumene ndinkamva pa nyimbo zomalizira pafupi ndi pakati pa mbale kunachepa tsiku lomwelo, osalipira kanthu.

Ndalama yoyamba ipite ku singano. Singano imatha, ndipo yakutha imakanda mizere ya mbale mosabwezeka. Mbale za bambo anga sindingazipezenso m'sitolo iliyonse. Nditachotsa VM95E n'kuika VM95ML, imene nsonga yake ndi yopyapyala kwambiri ndipo imakhalitsa, ndinamva gitala wachiwiri pa mbale ina ya rumba amene kale ankabisika kumbuyo kwa ng'oma. Ndinaibwereza katatu usiku umenewo. Amene muli ndi cartridge ya Ortofon 2M Red, singano ya 2M Blue imalowa pomwepo, simufunika kumasula waya ngakhale mmodzi.

Ikatha singano, bwerani ku masipika, kenako preamp yapadera ngati ya mkati ikuchita phokoso. Mawaya odula ndi timphasa todula toika pansi pa mbale ndinayesako, khutu langa silinamve kusiyana.

Makina atsopano muwagule pokhapokha amene muli nawo sakulola kusintha cartridge, kapena liwiro lake likuyendayenda ngakhale mwasintha lamba. Kuti mudziwe, ikani mbale ya piyano n'kumvetsera mawu otalika: akamanjenjemera, vuto lili mu mota kapena mu bearing, kachitsulo kamene chozunguza mbale chimazungulirapo, ndipo singano yodula siingathandize.