Musanagule chaja ya galimoto zamagetsi: momwe mungadutsire malamulo a khonsolo

Kugula chaja sikuvuta. Chomwe chimaimitsa ntchito miyezi yambiri ndi makalata awiri: chilolezo cha khonsolo, ndi kalata ya kampani yogawa magetsi yotsimikiza kuti ingakupatseni mphamvu zomwe mukufuna pamalopo. Amene amayamba ndi kugula, nthawi zambiri zipangizo zawo zimangokhala m'makatoni kudikira mapepala.

Poyamba fufuzani kuti malamulo a dera lanu amaiona bwanji chaja. Mizinda imagawa malo m'magulu: okhalamo anthu, amalonda, amafakitale, ndi ena. Ambiri mwa malamulo amenewa adalembedwa galimoto zamagetsi zisanafale, ndiye mawu oti malo otchajira mulibemo. Wogwira ntchito ku ofesi ya mapulani akalandira pempho lanu amafunafuna gulu loti aliikemo, ndipo lomwe limabwera msanga m'maganizo ndi la malo omwetsera mafuta. Mukalowetsedwa m'gulu limenelo zinthu zavuta: mudzafunsidwa zinthu zomwe zidakonzedwera matanki a petulo, mtunda wautali kuchokera ku nyumba za anthu, mwinanso msonkhano womva maganizo a oyandikana nawo. Chaja ilibe thanki, ilibe mafuta otayikira pansi, ndipo muyenera kunena zimenezi m'kalata yanu yoyamba yomwe.

Mfundo yomwe imasintha zonse ndi iyi: kodi kutchaja ndiyo ntchito yaikulu ya pulotiyo, kapena n'kongothandizira ntchito yomwe ilipo kale? Machaja 4 pamalo oimika galimoto a sitolo, hotela kapena ofesi n'ngongothandizira, ndipo m'madera ambiri amangofuna chilolezo cha zomangamanga ndi cha magetsi. Puloti yopanda kanthu yomwe mukufuna kudzazapo machaja 20 ndi bizinesi yoima payokha, ndipo imadutsa njira yonse yovomerezera kagwiritsidwe ntchito ka malo. Pemphani kuti ofesi ikuyankheni funso limeneli polemba. Yankho la pakamwa limatha tsiku lomwe amene adakuuzaniyo wasamutsidwa.

Maboma ena adathetsa kale chisokonezochi, ndipo n'kwabwino kuona ngati kwanu kuli lamulo lofanana nalo lomwe lili pamwamba pa la khonsolo. Ku New Jersey, m'dziko la America, lamulo la 2021 lidati machaja ndi ololedwa ngati chinthu chothandizira m'magulu onse a malo. Ku California lamulo la AB 1236 la 2015 limalola akuluakulu a mzinda kukana pempho pa zifukwa za umoyo ndi chitetezo basi, osati chifukwa chajayo sikuwasangalatsa m'maso. Lina la 2021, AB 970, lidaika malire a nthawi: pa machaja osaposa 25 pamalo amodzi, pempho limatengedwa kuti n'lokwanira pakatha masiku 5 ogwira ntchito ofesi isanadandaule, ndipo limatengedwa kuti lavomerezedwa pakatha masiku ena 20 ogwira ntchito. Ku England malamulo a 2015 amalola kukhoma chaja pakhoma popanda kupempha chilolezo cha mapulani ngati bokosi lake siliposa 0.2 cubic metre, koma ufuluwu sugwira ntchito pa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo.

Kampani ya magetsi ilembereni sabata yomweyo, musadikire khonsolo. Manambala ake ali motere. Chaja ya AC (magetsi a mtundu wa m'nyumba) ya 32 A pa 230 V imapereka 7.4 kW, ndipo ya mafezi atatu pa 400 V imafika 22 kW. Machaja othamanga a DC (magetsi a mtundu wa m'batire) nthawi zambiri amakhala a 50 kW mpaka 350 kW. Mukaika 6 a 150 kW ndiye kuti mukupempha 900 kW, zomwe nthawi zambiri zimafuna thiransifoma yakeyake. Malo a thiransifoma imasankha ndi kampani ya magetsi, osati inu, ndipo imafuna njira yoti galimoto yawo ifikepo komanso chikalata chowaloleza kudutsitsa mawaya pa pulotiyo. Apa ndi pomwe mapulani ambiri amagwera: khonsolo yavomereza chojambula, kenaka kampani ya magetsi yasuntha thiransifoma mamita angapo, chojambula chija chayenera kubwereranso ku khonsolo. Ngati malowo n'ngobwereka, siginecha ya mwini wake idzafunika pa zikalata zonse ziwiri.

Pa chojambula cha malo sonyezani malire a puloti, malo oimika galimoto onse, pomwe padzakhale chaja iliyonse, makabati a magetsi, thiransifoma, njira ya ngalande ya mawaya, mitengo, magetsi ounikira ndi komwe madzi amvula amalowera. Onjezani chojambula cha mawaya, kuwerengera kwa mphamvu, ndi mapepala a wopanga chaja osonyeza kuti idayesedwa ndi kuvomerezedwa. Powerengera kumbukirani kuti chaja imakoka mphamvu maola ambiri osapuma, n'chifukwa chake malamulo a magetsi a ku America amati waya ndi circuit breaker (swichi yodula yokha magetsi akachuluka) zikhale za 125 peresenti ya mphamvuyo: chaja ya 32 A imafuna breaker ya 40 A.

Misampha iwiri imabisala pa chojambulachi. Woyamba ndi chiwerengero cha malo oimika galimoto. Nyumba zambiri zamalonda zidavomerezedwa chifukwa zili ndi malo okwana nambala inayake. Mukatenga malo awiri kuikapo makabati, kapena kukulitsa amodzi kuti akhale a anthu aulumali, mukhoza kutsika pansi pa nambala ija, ndipo nyumba yonse imaoneka ngati yaphwanya lamulo. Makhonsolo ena amafika pokana kuwerengera malo otchajira ngati malo oimika galimoto. California idakonza zimenezi mu 2019 ndi lamulo la AB 1100, koma kumene kulibe lamulo lotero funsani musanajambule. Wachiwiri ndi mpata womwe lamulo limafuna pakati pa chomanga ndi malire a puloti. Kona ya kumsewu imaoneka yabwino kuikapo kabati, koma kawirikawiri ndi yomweyo yomwe idasungidwira kapinga, mitengo, kapena kuti oyendetsa azitha kuona bwino potuluka.

Za anthu aulumali musazisiye kumapeto, chifukwa konkire ikauma kukonza kwake n'kugumula. Bungwe la US Access Board, la boma la America loona za anthu aulumali, mu 2022 lidalangiza kuti malo otchajira oterewa akhale mamita 3.35 m'lifupi ndi 6.1 m'litali, ndi kanjira ka mamita 1.5 m'mbali mwake, ndipo zogwira ndi zodina zisapitirire mamita 1.22 kuchokera pansi. Cholakwika chofala ndi kuika chaja pamwamba pa chiunda cha konkire n'kuitchinga ndi mizati yachitsulo yoyandikana. Mizatiyo imateteza chaja ku galimoto, inde, koma munthu wa pa njinga ya olumala safikira chingwe. Siyani mpata wodutsa pakati pa mizati, ndipo pansi pakhale posalala.

Oyandikana nawo akadandaula, nkhani yake imakhala phokoso ndi kuwala. Machaja a DC ali ndi mafani oziziritsa omwe masana samveka, koma usiku amamveka bwinobwino. Tengani nambala ya phokoso pa pepala la wopanga, muiyerekeze ndi malire a usiku a khonsolo, ndipo mafaniwo ayang'ane kutali ndi mawindo a anthu. Nyali ziloze pansi. Sikirini yaikulu yoonetsa malonda imawerengedwa ngati chikwangwani ndipo imafuna chilolezo china. Kunyumba, chingwe chodutsa pa njira ya anthu oyenda pansi kupita ku galimoto yoimikidwa mumsewu chimagwera m'manja mwa oyang'anira misewu, pakuti njirayo si yanu.

Ngati mukumanga nyumba yatsopano onaninso malamulo a zomangamanga. Lamulo la European Union la 2018 lidati nyumba zatsopano zomwe si zogonamo, zokhala ndi malo oimika galimoto oposa 10, zikhale ndi chaja imodzi ndi mapaipi a mawaya pa malo amodzi mwa 5 alionse. Ngakhale kumene lamulo silikakamiza, ikani mapaipi owonjezera ngalande ikadali yotseguka, pakuti paipi n'njotchipa poyerekeza ndi kudulanso phula.

Ngalandeyo musaikwirire woyendera ntchito asanaione. Iye amafuna kuyeza kuya kwake, kuona mtundu wa paipi ndi tepi yochenjeza yomwe imaikidwa pamwamba pa mawaya, ndipo akapeza mwakwirira ali ndi mphamvu zokulamulani kufukula. Akabweranso komaliza adzayesa waya wa earth ndi RCD (swichi yodula magetsi akayamba kuthawa), yomwe pa chaja ya AC iyenera kukhala ya Type B, kapena ya Type A ngati chajayo imazindikira yokha magetsi a DC othawa ofika 6 mA. Kampani ya magetsi imayatsa pokhapokha italandira pepala losainidwa ndi woyendera ntchitoyo, choncho tsiku lotsegulira malowo mulilengeze pepalalo lili m'manja.