Akakupemphani kulowa mukafukufuku muli ndi pakati, muzitere

Mwapita kusikelo, anesi akuitanirani pambali nkukuuzani kuti pali kafukufuku wa amayi oyembekezera ndipo inu mukuyenera kulowa nawo, musathamangire kusaina, komanso musathawe ayi. Mankhwala ambiri omwe akupulumutsa amayi pochira lero anadzera momwemu. Mu 2002 kafukufuku wa Magpie, wa amayi pafupifupi 10,000, anaonetsa kuti magnesium sulphate amachepetsa kupitirira theka chiopsezo chokomoka kwa mayi yemwe BP yamukwera ali ndi pakati, ndipo mu 2017 wina wotchedwa WOMAN anapeza kuti mayi yemwe akutaya magazi ambiri akabayidwa mankhwala a tranexamic acid asanathe maola 3 mwana atabadwa, amayi ofa ndi kutaya magazi amachepa. Amayi anzathu anavomera, ife tikupindula.

Koma kuvomera kwake kukhale kodziwa. Pemphani fomu yachilolezo ija m'chilankhulo chomwe mumamva bwino, mupite nayo kunyumba mukawerenge modekha, ngati kuwerenga kumavuta pakhale mboni yoti siili mugulu la ofufuzawo ikumvetsera pomwe akukuwerengerani. Bambo akunyumba mutha kukambirana nawo inde, koma thupi ndi lanu, wosaina ndinu.

Kenako funsani, osachita manyazi. Akuyesa chani kwenikweni? Kawirikawiri amagawa anthu m'magulu awiri mwamaere, kompyuta ndiyo imasankha osati adokotala, ndiye mutha kugwera gulu lolandira mankhwala enieniwo kapena ongofanana nawo opanda mphamvu, ndipo nthawi zina ngakhale anesiwo sadziwa mwalandira ati. Apa funsani ngati chithandizo chanthawi zonse muzilandirabe, yankho liyenera kukhala eya.

Za mwana ndiye musazisiye m'pang'ono pomwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amayi ankamwa thalidomide kuti mseru uleke, ana masauzande anabadwa manja ndi miyendo zosakula bwino mpaka mankhwalawo anayamba kuchotsedwa pamsika mu 1961. Nchifukwa chake mufunse kuti mankhwalawa anayesedwapo kale pa oyembekezera, mwana adzamuona mpaka liti akabadwa, kuyamwitsa kuli bwino, nanga komiti yoona za ufulu wa olowa mukafukufuku inavomereza? Magazi omwe atenge akupita kuti, asungidwa nthawi yaitali bwanji, dzina lanu aliona ndani. China chikavuta akuthandizani ndani, alipira ndani, nambala yoimba usiku ndi iti.

Kandalama ka thiransipoti ndi kongokubwezerani zomwe mwawononga, kasakhale chifukwa cholowera. Ndipo ngati kafukufukuyo ndi wa nthawi yochira, ine ndimati nkhani yonse ithe mudakali kusikelo, matenda akayamba munthu sumva bwino zomwe akukuuza.

Mukakana, chithandizo chanu sichisintha, mukalowa nkusintha maganizo mutha kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Mukasaina tengani kope lanu la fomuyo muziyenda nalo limodzi ndi buku lakusikelo, kuti mukapezeka pachipatala china adziwe msanga zomwe mukulandira.